Mwana wa Eni Ali M'mwamba, Ine Ndili ndi Mopu

Chaka changa choyamba pa sukulu ya ku Erdington, kuno ku Ulaya

Tiyamike ndi Yankho, ana anga, nkhani ya paundi ija mayi anu amainena mothira mchere wambiri, ndiye lekani ndiilembe ndekha mutu ukadagwira ntchito.

Ndinali nditangoyamba kumene ukeyateka, kutanthauza wotsekula ndi kutseka zitseko, wokolopa, wosintha mababu, ndiponso wofunsidwa chilichonse chikasowa. Tsiku lina ana ataweruka kunali masewero a basiketibolo m'holo yaikulu. Ine ndinaima pakhomo ndi mopu, chifukwa mnyamata akagwa amasiya thukuta pansi ndipo pamafunika kupukuta msanga. Itakwana nthawi yopuma anyamata anatuluka m'bwalo, n'kulowa atsikana ovala zofanana, m'manja atanyamula zinthu zonga malitchowa a timapepala tonyezimira, zimene amati mapompomu. Wina anakuwa kuti, "Faifi, sikisi, seveni, eyiti!" basi gule anayamba. Mapazi kugunda pamodzi, manja kuwomba pamodzi, mmodzi kufunsa kuti bwaloli n'la yani, onse kuyankha kuti n'lathu. Kenaka anagwira kamtsikana kena, n'kukaponya m'mwamba ngati mtolo wa zochapa, n'kukawakha. Mtima wanga unasangalala. Nditayang'ana makolo ndinaona akungowomba m'manja mwaulesi, ndipo ndinati mumtima, anthu awa ndi oumira bwanji, kwathu munthu akavina chonchi amasupidwa. Ndinatsamiritsa mopu kukhoma, ndinapisa m'thumba, ndinalowa pakati pa bwalo gule ali mkati, mapewa akugwedezeka pang'ono monga mwa mwambo, n'kuika paundi pamapazi pa mtsogoleri wawo.

Gule anaima. Mwanayo anayang'ana ndalama, anayang'ana ine, n'kubwerera m'mbuyo ngati ndamuikira chule.

Mmawa mwake bwana wanga, a Trevor, mzungu wobadwira konkuno amene Chingerezi chake sindinachipeze m'buku lililonse, anandiitanira m'kachipinda kathu ka pafupi ndi boila, makina otenthetsa madzi.

"Mista Chi," anatero, poti dzina lakuti Chimbalanga linawakanika tsiku loyamba lomwe, "dzulo umatani?"

"Ndimathokoza ana, bwana."

"Ndi ndalama?"

"Kwathu timatero."

Anagwira mutu. Sanakalipe, koma anandiuza pang'onopang'ono ngati akuuza wodwala: pasukulu munthu wamkulu sapatsa mwana ndalama, sakhala ndi mwana awiriwiri, ndipo zimene waona za mwana sazitulutsa kunja. Akaona chodetsa nkhawa amauza mphunzitsi, osati wina aliyense. "Zimene waona muno zimathera pageti," anatero, n'kundibwezera paundi yanga. Anandipatsanso kabuku ka malamulo. Ine ndinalekeza Fomu 2, Chingerezi changa ndinachitola m'manyuzipepala akale pamene ndinali mesenjala ku Limbe, ndipo khalidwe lowerenga chilichonse cholembedwa silinandichoke. Ku weyahausi yosungira katundu ya ku Telford, kumene ndinayambira nditatsatira mayi anu kuno, ndinkawerenga makatoni. Pokolopa maofesi tikukhala ku Whitmore Reans ndinkawerenga makalendala. Kabuku ka a Trevor ndinakawerenga mpaka kukaloweza, ndipo mantha amene ndinatenga m'menemo ndi amene anandisunga pantchito mpaka kupuma.

Zaka za zidebe

Sukulu ya ku Ulaya imavutikanso, ana inu, ingosiyana ndi yathu kavutikidwe. Denga la holo linkadontha, ndipo mvula ikayamba ndinkadziwa pamtima poika chidebe chilichonse. Mahita otenthetsa m'nyumba ankazimitsidwa ana akangoweruka, kuti ndalama zipite ku makalasi. Atsikana ochemerera aja, machiyalida, ankayeserera atavala majuzi, mpweya ukutuluka ngati utsi. Mamati a siponji ogwerapo anali ochepa, ena ong'ambika, ndipo ine ndinkawamata ndi tepi yomwe timamatira mapaipi. Chaka chilichonse kochi wawo, Misi Sandhu, mayi wochepa thupi koma wa mawu ngati wa pa msika, ankapempha atsopano, ndipo chaka chilichonse ankauzidwa kuti chaka chamawa.

Poti ndine ndinkatulutsa mamati ndi kutseka holo, guleyu ndinamudziwa kuposa mmene ndinkafunira. Wokwera m'mwamba amakhala mmodzi, onyamula atatu. Awiri amagwira mapazi, wachitatu amaima kumbuyo, ntchito yake kuteteza mutu ndi msana. Ameneyu ndiye amalandira zigongono ndi zidendene. Magazi a m'mphuno amene ndinakolopa m'holo ija ambiri anali a wakumbuyo. Wam'mwamba ali ndi lamulo limodzi lomwe Misi Sandhu ankalikuwa mpaka ine ndinkalilota: osayang'ana pansi, osayang'ana anthu, maso pa wotchi. Pakhoma, pamwamba pa mipando ya makolo, panali wotchi yaikulu, ndipo mwana akakwera ankaikapo maso kuti thupi liume ngati mtengo. Akangodzidzimuka, bondo limapinda, ndipo zonse zimagumuka. Ndinaonapo mwana wina atathyoka dzanja chifukwa mnzake anamuitana dzina ali m'mwamba. Kuchokera tsiku limenelo akati seveni, eyiti, ine ndinkasiya kupuma mpaka mapazi afike pansi.

Aneba athu a Tembo, a ku Chipata aja amene ankayendetsa basi, ndinkawafotokozera zonsezi pampanda tikamatulutsa mabini a zinyalala. Ankanditcha kochi wamkulu.

Chaka chimene anafika a Nangondo

Nditatsala pang'ono kupuma kunabwera anthu akwathu ambiri, odzagwira ntchito ya kukeya m'nyumba za okalamba. Tchalitchi chathu, chimene kale tinkakwana pa mabenchi ochepa, chinadzaza. Mmodzi mwa iwo anali a Nangondo, mayi wamasiye wa ku Dowa, amene anabwera ndi mwana wawo mmodzi yekha, Pemphero, mtsikana wongosinkhuka kumene, wochepa thupi, wa maso a manyazi. Atamva kuti mwanayo amupezera malo pa sukulu imene ndimagwira, anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Malume, Mulungu ndi wabwino. Ine mashifiti sandipatsa mpata. Mundionere mwanayu."

"Musade nkhawa, achemwali," ndinatero mwamatama, "mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Mwambi umakoma potchula.

Chisanu chisanayambe, Lachiwiri lina ndikukoka mamati, ndinamva seveni, eyiti, ndinakweza maso, ndipo amene anali m'mwamba, mwendo umodzi m'manja mwa anzake wina atauloza kudenga, anali Pemphero. Mwana amene kutchalitchi ankanjuta popereka tiyi. Anali ataseka nkhope yonse. Sindinamuonepo ataseka choncho.

Atatsika anandiona, kuseka kunatha. Anabwera pakhomo pamene ndinaima.

"Uncle, please," anatero. Ana akuno ukawalankhula Chichewa amayankha Chingerezi, ndipo iye anali ataphunzira kale zimenezo.

"Mayi ako akudziwa?"

Anapukusa mutu. Anati mayi ake amadziwa kuti Lachiwiri ndi Lachinayi amatsalira ku laibulale. Anati m'kalasi palibe amamulankhula, amamuseka katchulidwe, koma muno atamuona kupepuka kwake anamusankha tsiku lomwelo, ndipo tsopano ali ndi anzake odya nawo masana.

Lamulungu lotsatira, pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, amayi ankakamba za mwana wa banja lina amene anamuona m'tauni atavala zosayenera. A Nangondo anaika kapu pansi.

"Wanga akangoyamba zovala timasiketi toonetsa ntchafu n'kumadumpha pamaso pa amuna, ndimukweza ndege. Azakhali ake ku Mponela alipo, akamulera. Sindinadzapukute anthu okalamba kuno kuti mwana andionongekere m'manja."

Sankanena zoopseza chabe. Mnyamata wina wa mumpingo mwathu anali atabwezedwa kumudzi chaka chomwecho pa nkhani yocheperapo. Kenaka anatembenukira kwa ine, akumwetulira.

"Koma Pemphero wanga ndi wa mabuku. Laibulale basi. Eti malume?"

Ndinaponya mandasi athunthu mkamwa, n'kumaloza kukhosi ngati ndatsamwa. Munthu wa imvi.

Miyezi imene inatsatira inandidya. Ndikanena, mwana akwera ndege, ine ndaswa lamulo la ntchito penshoni ili pakhomo. Ndikapanda kunena, ndanamiza mayi wamasiye amene anandigwira dzanja ndi manja awiri. Ndipo Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse mwanayo ankauluka pamwamba pa mamati amene ndinamata ndekha ndi tepi, ine ndikudzifunsa kuti akagwa ndikawauza chiyani mayi ake, kuti wathyoka khosi ku laibulale?

Mayi anu sanazungulire. "Akadakhala Tiyamike, mukadafuna akubisireni? Kawauzeni."

A Trevor nawonso sanazungulire. "Mwanayo akuzunzidwa?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye uza kochi, basi. Ukapita nazo kutchalitchi kwanu, mayiyo n'kubwera kuno akukuwa kuti keyateka wandiuza, sindidzatha kukuteteza, Mista Chi."

Ndinauza Misi Sandhu. Anadabwa, chifukwa chilolezo cha kholo chinabwera kuchokera pa foni ya mayi ake. Kuno foni ya kholo amaidziwa bwino ndi mwana, ndiye kuti Pemphero anachitumiza yekha. Kochiyo anamuitana Pemphero, anamuuza kuti akaulule yekha, ndipo mwanayo analira n'kulonjeza kuti akanena sabata imeneyo. Sabata inatha, inanso inatha. Misi Sandhu anati aimbira foni mayiwo masewero otsiriza akangodutsa. Ine ndinamuimitsa mwanayo pakhomo la holo, kochi akutiona.

"Tamvera, mwana wanga. Sindikakunenera. Koma sindinamanso. Mayi ako akandifunsa maso ndi maso, ndidzawauza kuti abwere adzaone okha."

Anangoti "Okay," maso ali pansi. Ankaganiza kuti nkhalamba ikungolankhula.

A Nangondo anandifunsadi. Mnzawo wa kuntchito anali ataona Pemphero pa siteji ya basi, mapompomu akusuzumira m'chikwama. Lamulungu limenelo sanadikire tiyi, anandipeza pakhonde.

"Malume, tandiyang'anani. Mwana wanga amakhala kuti Lachinayi?"

"Achemwali, pakamwa panga panamangidwa ndi ntchito. Koma Lachinayi likubwerali kuli masewero, ndipo geti limakhala lotsekula kwa kholo lililonse. Bwerani."

"Zikomo," anatero, ndipo zikomo ameneyo analibe mafuta.

Lachinayi lija

Ndinadzuka ndi nkhawa yatsopano, imene sindinaiganizire pakhonde paja. Ndikapanda kumuuza Pemphero, adzaona mayi ake ali kale m'mwamba, ndipo ndinkadziwa chimene chimachitika mwana akadzidzimuka. Ndikamuuza, akwera akunjenjemera. Ndinazungulira sukulu yonse ndi makiyi m'manja, ndinatsekula chitseko chimodzi kawiri, mpaka a Trevor anafunsa ngati ndamwa mankhwala anga a BP. Masana ndinapita kwa Misi Sandhu, ndipo tinamuuza Pemphero tili awiri.

Mwanayo sanalire. Anandiyang'ana ngati mmene anandiyang'anira mtsogoleri uja tsiku la paundi.

"Uncle, why?"

Misi Sandhu anamufunsa ngati akufuna kukhala pansi tsiku limenelo. Anati ayi. Anati ngati akukwera ndege, akwere atavina.

A Nangondo anafika masewero atayamba, atavala yunifomu ya kuntchito mkati mwa jekete, chikwama chakuda atachikumbatira pamimba. Anakwera masitepe a mipando osayang'ana munthu, n'kukakhala pamzere wapamwamba, pakati penipeni. Pansi pa wotchi.

Ndinakwera ndi mopu wanga, ndikupepesa mawondo a anthu.

"Achemwali, bwerani mukhale cha kuno, kumaoneka bwino."

"Pano pakuoneka."

"Pali mphepo pamenepa."

"Malume, mwandiitana kuti ndidzaone. Ndakhala pano, ndakhala."

Ndikadawauza za wotchi, koma wezulo inalira, anyamata anatuluka, ndipo malo anga anali pakhomo. Ndinatsika. Atsikana analowa akuthamanga, masiketi afupi, mapompomu m'mwamba. Faifi, sikisi, seveni, eyiti. Bwaloli n'la yani? N'lathu! Mpirawu ngwa yani? Ngwathu! Akubwera ndani? Abwerere! Mapazi ankagunda mpaka zidebe zanga zinkanjenjemera. Ine sindinkamva kukoma kulikonse. Ndinkayang'ana kumwamba kuja: mayi ali chiwumire, chikwama pamimba, nkhope ngati chitseko chotseka.

Anamukweza. Pemphero anaimirira m'manja mwa anzake, anakweza chibwano kufuna wotchi, ndipo ndinaona ndi maso angawa nthawi imene anapeza mayi ake. Bondo lamanzere linagwedezeka. Wakumbuyo, mtsikana wamphamvu dzina lake Keisha, anakuwa kuti aume. Anauma. Anakweza mwendo, anatambasula manja, osaseka. Kenaka panatsala kuponya kuja. Anamutsitsa pang'ono, anawerenga, n'kumuponya.

Anapita bwino. Pobwera anabwera chopendekera, mutu ukulowera kumene kunalibe manja, ndipo kumene kunkalowera mutuwo mati anali atathera. Keisha anadziponya kutsogolo, anamukumbatira m'mapewa, onse awiri n'kugwera pansi, chigongono cha Pemphero chitamupeza pamphuno. Anthu anati haa. Pemphero anadzuka, wathunthu. Keisha anakhala pansi, magazi akutsika mpaka pa malaya.

Ndisanasunthe ndinaona a Nangondo akutsika masitepe, dzanja lili m'chikwama. Mutu wanga wosokonekera unakumbuka chinthu chimodzi chokha. Ndinawatchingira ndi mopu m'mphepete mwa bwalo.

"Achemwali, kuno sasupa. Ndinayesapo ine."

"Ndani wati ndikusupa? Tachokani apa."

Anasolola chitenje. Ndinazindikira pomwepo kuti anachitengera kudzafunditsa miyendo ya mwana wawo pamaso pa sukulu yonse, n'kumukoka kupita naye kunyumba. Pemphero anachionanso, anaima manja ali lende, akudikira. Mayiwo anafika pamene anaima mwana wawo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anamugwira khosi, anamutembenuza mutu uku ndi uku. Kenaka anamudutsa. Anagwada pamaso pa Keisha, anamuweramitsa mutu, n'kumutsina mphuno ndi nsonga ya chitenje, mwa munthu wozolowera matupi a eni. Misi Sandhu anafika ndi bokosi la mankhwala, anaona mmene agwirira, n'kuwasiya.

"Ndiwe wamugwira mwana wanga?" anafunsa m'Chingerezi chawo cha kuntchito.

Keisha anavomera ndi mutu.

"Umamugwira masiku onse?"

Anavomeranso, n'kunena chamumphuno kuti sanamugwetsepo.

A Nangondo anakhala chogwada mpaka magazi analeka. Chitenje chinali chitaonongeka, anachipinda n'kuchibwezera m'chikwama. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, kavale buluku. Tikakamba kunyumba."

Ine ndinakolopa magazi, anyamata anabwerera m'bwalo. Amene anapambana tsiku limenelo musandifunse.

Miyezi yotsiriza

Pemphero sanakwere ndege. Zimene anakamba kunyumba sindikuzidziwa, ndipo si zanga. Mayi ake anamuletsa guleyo mpaka teremu inatha. Teremu yotsatira anabwerera, atavala buluku lakuda lothina mkati mwa siketi, ndipo Misi Sandhu anandiuza kuti mayiwo anaika malamulo awiri: bulukulo, ndiponso kuti wakumbuyo akhale Keisha, osati wina. Mamati atsopano anabwera ine nditapuma kale.

Koma ine mlandu wanga sunathe. Lamulungu loyamba pambuyo pa masewero aja anandipezanso pakhonde lomwe lija.

"Munadziwa liti?"

"Chisanu chisanayambe."

"Miyezi yonseyi mukundipatsa moni. Mukudya mandasi anga." Anandiloza ndi chala. "Akadagwera mutu tsiku lina, ine ndili kuntchito ndikuti mwana ali pa mabuku? Ndinakusiyirani mwana, Bambo Chimbalanga."

Ndinayamba kufotokoza za malamulo a ntchito, koma ndinadzimvera ndekha mmene zinkamvekera, ndinasiya. Kuchokera tsiku limenelo umalume unatha, ndine Bambo Chimbalanga mpaka lero. Amandipatsa moni, inde, koma wa dzanja limodzi. Pemphero naye ankati akandiona m'khonde la sukulu amayang'ana foni. Kwa mayi ndinachedwa kunena, kwa mwana ndinafulumira. Ndikulemba pano sindikudziwabe tsiku limene ndikadayenera kutsekula pakamwa, ndipo ndawerenga mabuku ambiri chipumireni, a ku laibulale yeniyeni, osapezamo.

Madzulo ena ndikutulutsa mabini ndinawakhuthulira a Tembo zonsezi pampanda. Ndinati taonani aneba, mwana sanapite ku Mponela, sanathyoke khosi, mayi ndi mwana akuyendera limodzi kutchalitchi, koma onse awiri akwiyira ine. A Tembo anatseka bini lawo, analikankha ndi phazi kuti liime bwino, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Imwe akochi, zaka zonsezi mwakhala mukundiuza chiyani pampanda pano? M'manja amawombera wam'mwamba. Wakumbuyo chake ndi chigongono pamphuno. Kapukuteni magazi mukagone."